Business analyst ndi ndani kwenikweni, nanga munthu amakula bwanji pa ntchitoyi kuno ku Harare

Mwana wa achemwali anga wangomaliza digiri yake ya zamakompyuta, ndiye Loweruka lina tili pakhonde ku Mufakose tikudikira kuti magetsi abwere anangondifunsa mosazungulira kuti amalume, kodi inuyo ntchito yanu ndi chiyani kwenikweni? Amayi amati mumapanga zamakompyuta, agogo amati ndinu kalaliki wa ku banki, pa LinkedIn munalemba kuti business analyst koma ine sindinakuonenipo mukulemba code ngakhale mzere umodzi. Ndinaseka, koma funso limeneli ndafunsidwa kambirimbiri, kutchalitchi, m'kombi, mpaka pamaliro, ndipo ana athu ambiri akuiona ntchitoyi ikulengezedwa m'mabanki, m'makampani a inshuwalansi ndi a mafoni koma sakudziwa kuti khomo lake lili mbali iti. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndinamuuza, ndi zina zomwe zinandibwerera m'mutu iye atapita kale.

Agogo ake aja sanaphonye kwambiri. Ife tonse amene makolo athu anabwera kuno nthawi ya Mthandizi ndi Federation, kuchokera ku Dedza, Ntcheu, Chipata kaya ku Tete, mzinda uno ukutchedwabe Salisbury, tinakulira ntchito inayake imene sitinkadziwa kuti ndi ntchito. Kuperekeza agogo kuchipatala. Agogo akuyankhula Chichewa chenicheni chakumudzi, anesi akufunsa m'Chishona, fomu ili m'Chingerezi, iwe kamwana ka giredi 6 uli pakati. Ndipo unkadziwa wekha kuti agogo akati m'thupimu simuli bwino sungangotembenuza mawuwo n'kuwapatsira anesi choncho, umayenera kufunsa kaye kuti pakupweteka ndi pati agogo, zinayamba liti, mankhwala aja mukumwa kapena munawabisa kunsi kwa pilo. Anesi akayankha umayeneranso kuwabwezera agogo m'mawu oti awamve ndi kuwavomera, osati kungogwedeza mutu mwaulemu n'kukachita zina kunyumba. Ntchito ya business analyst, mwachidule BA, ndi yomweyo basi, kungoti agogo ndi bizinesi, anesi ndi ma developer, anthu amene amalemba mapulogalamu a kompyuta, ndipo fomu ija ndi dokyumenti imene iwe uti ulembe kuti onse asainire.

Chifukwa bizinesi imadwala koma nthawi zambiri simanena pamene pakupweteka, imanena dzina la mankhwala amene yamva kwa anzake. Ndinagwirako pa kampani ina yopikulitsa golosale cha ku Graniteside, dzina lake tilisiye, abwana anabwera ku mitingi atatsimikiza kale kuti tikufuna app, makasitomala aziitanitsa katundu pa foni chifukwa malonda akutsika. Aliyense anavomera, abwana akanena ndani angatsutse. Ine ndinapempha masiku atatu ndikakhale kaye kumene amapakira katundu m'magalimoto. Zimene ndinaona n'zakuti ma oda akubwera bwinobwino pa WhatsApp kuyambira 6 koloko m'mawa, vuto linali loti galimoto imaima mpaka cha m'ma 11 kudikira munthu m'modzi yekha amene anali ndi mphamvu yovomereza invoisi yangongole, ndipo iyenso ankadikira kaye kuti auzidwe reti yosinthira ndalama ya tsikulo. Pofika masana eni ma tuckshop a ku Glen View ndi Budiriro akhala atagula kale kwina. App ikanangofulumizitsa ma oda kuti akadikire msanga pa desiki yomweyo. Chimene chinachitika n'chakuti tinasintha lamulo, invoisi zazing'ono za makasitomala osazemba ngongole zizidutsa zokha, reti izilowetsedwa m'sisitimu isanakwane 7, ndipo developer anagwira sabata imodzi m'malo mwa miyezi isanu ndi umodzi. Abwana sanakondwe kwenikweni, app ija ankaifuna kuti akaonetse anzawo, koma magalimoto anayamba kutuluka m'mawa.

Mawu amene muziwamva tsiku lililonse pa ntchitoyi ndi requirements, kutanthauza zofunika zimene chinthu chatsopanocho chiyenera kukwaniritsa, ndipo zili m'magulu omwe ndi bwino kuwadziwa chifukwa pa intavyu amafunsa. Pali zofuna za bizinesi yonse, monga kuti magalimoto azituluka isanakwane 8. Pali zofuna za munthu aliyense wokhudzidwa, amene timamuti stakeholder, wa ku akaunti akufuna ngongole isathawe, dalaivala akufuna pepala limodzi osati anayi, oditala akufuna kuona kuti anavomereza ndani ndipo nthawi yanji. Kenako pali zimene sisitimu yeniyeniyo iyenera kuchita, ndi mmene iyenera kukhalira, kuthamanga kwake, chitetezo chake, komanso kwa ife kuno funso lalikulu loti magetsi akazima kapena netiweki ikagwa pa till pachitike chiyani. Gulu lomaliza ndi limene anthu amaliiwala, zofunika pa nthawi yosamuka kuchoka ku zakale kupita ku zatsopano, kusamutsa data, kuphunzitsa anthu, kutseka mabuku akale. Ndipo pa gulu limeneli ndi pamene Harare imaphunzitsa munthu kuposa kalasi ina iliyonse.

Taganizani nokha zimene ma sisitimu a dziko lino aona. Mu Ogasiti 2006 ndalama inachotsedwa maziro atatu, mu Ogasiti 2008 maziro khumi, mu Febuluwale 2009 ena khumi ndi awiri, onse pamodzi 25, ndipo amene analipo nthawi imeneyo amasimba kuti manambala ankalephera kukwana m'mabokosi a sofutiweya chifukwa amene anaipanga kunja uko sanalotepo kuti buledi angagulidwe ndi mabiliyoni. Kenako 2009 tinalowa mu ndalama zamayiko ambiri, dola ya America, randi, pula, zonse pa till imodzi. EcoCash, yotumizira ndalama pa foni, inabwera 2011 n'kusinthiratu kalipiridwe. Ma bond note 2016. Mu Okutobala 2018 msonkho uja wa 2% pa kutumiza ndalama, umene aliyense amaudziwa kuti IMTT. Febuluwale 2019 RTGS dola, Juni chaka chomwecho lamulo la SI 142 loletsa ndalama zakunja, 2020 dola ya America yaloledwanso. VAT inachoka pa 14.5% kufika 15% mu Januwale 2023. Chilichonse mwa zimenezi kwa munthu wamba ndi nkhani ya pa wailesi, koma m'kampani iliyonse panali munthu amene anakhala pansi usiku n'kumafunsa kuti ndiye invoisi ya dzulo imene sinalipidwe tiiwerengera pa chiyani, katundu wobwezedwa yemwe anagulidwa pa VAT yakale timubweza pa iti, lipoti la mwezi lisonyeza ndalama iti. Kaya pa khadi lake panalembedwa accountant kaya IT officer, usiku umenewo munthuyo ankagwira ntchito ya business analyst.

Ine yanga yondiphunzitsa inali ya ZiG. Lachisanu pa 5 Epulo 2024 bwanamkubwa wa Reserve Bank a John Mushayavanhu analengeza ndalama yatsopano, ndipo ndalama zonse zakale zimayenera kugawidwa ndi 2,498.7242 kuti zisanduke ZiG, imene inayamba pa 13.56 ku dola imodzi ya America. Taonani nambalayo bwino, ili ndi manambala anayi kuseri kwa kadontho. Sisitimu imene tinali nayo pamalo pamene ndinkagwira nthawiyo inkasunga awiri okha pa bokosi la reti, ndiye funso loyamba linali limenelo. Lachiwiri, ukagawa balansi ya kasitomala aliyense payekha n'kudula timasenti totsalira, ukaphatikiza onse sizifanana ndi ukagawa thumba lonse kamodzi, ndiye kusiyanako kupite ku akaunti iti ndipo asaine ndani. Lachitatu, sitetimenti ya kasitomala ya Epulo iyamba ndi ndalama ina n'kuthera ina, ioneke bwanji kuti asabwere kudzatukwana pa kauntala. Nanga malipoti oyerekeza Marichi ndi Epulo? Nanga code ya ndalamayo, poti yakale inali ZWL ndipo yatsopano ya ZWG inadzayamba kugwira ntchito mu Juni, pakatipa tiziitcha chiyani kuti mafayilo opita ku banki asakanidwe? Tinalemba zonsezi, tinayesa, ndinadzimva kuti ndine katswiri. Lolemba lotsatira mayi wina wa ku akaunti anandiitana mwaulemu, achimwene tabwerani muone, ndipo anandionetsa ma dipoziti a makasitomala olipira pang'onopang'ono, omwe ankasungidwa pa Excel yakeyake ya iyeyo osati m'sisitimu, ndipo ine sindinamufunsepo chifukwa dzina lake silinali pa mndandanda wa anthu oitanidwa ku mitingi. Kulakwa kunali kwanga, osati kwake. Safunsa anadya phula, ndipo ine phula limenelo ndinalidya masabata awiri tikukonza pamanja.

Ndiye mukandifunsa luso loyamba ndi liti, ndi kufunsa, komanso kudziwa woti umufunse. M'mabuku amati elicitation. Si kungotumiza fomu ya mafunso pa imelo ayi. Ndi kukhala pafupi ndi wa pa till tsiku la malipiro mzere utafika panja, ndi kumwa tiyi ndi wa ku sitoko mpaka akuuze kuti kabuku kakang'ono kamene ali nako m'dirowa n'kachiyani, chifukwa kabuku kameneko ndi umboni woti sisitimu ikulephera penapake. Mu mitingi anthu amafotokoza mmene ntchito iyenera kuyendera, pa desiki ndi pamene umaona mmene imayendera. Pali kanjira kena kotchuka kochokera ku Toyota kofunsa kuti chifukwa chiyani kasanu motsatizana mpaka ufike pa muzu wa vuto, n'kabwino, koma kuno ukafunsa munthu wamkulu kuti chifukwa chiyani kasanu maso ali gwa adzakuona ngati wamwano kapena wapolisi. Umazungulira, umati bambo tandithandizani ndimvetse, poyamba zinkayenda bwanji, ndiye zinasintha liti. Ulemu umene tinaphunzira kunyumba pano ndi chida chantchito, ndipo kudekha nakonso, paja kuona maso a nkhono n'kudekha, munthu amene akuopa kuti kompyuta imulanda ntchito sakuuza zoona tsiku loyamba.

Ukamva uyenera kujambula. Bokosi, muvi, bokosi, apa pali chisankho inde kapena ayi, apa pepala lachoka ku malonda lapita ku akaunti. Pali kajambulidwe kovomerezeka kotchedwa BPMN, mtundu wake wa 2.0 unatuluka 2011, ndipo ndi bwino kuphunzira zizindikiro zake zikuluzikulu, koma musatengeke nazo mpaka kujambula dayagiramu imene palibe angaiwerenge kupatula inuyo. Ine ndimayamba pa bolodi ndi cholembera anthu ali pompo, chifukwa pamene wina ati ayi ayi sizidutsa kwa ine zimenezo, ndi pamene ntchito yayamba. Mapulogalamu ojambulira monga Visio kapena draw.io amabwera pambuyo.

Kenako kulemba, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Ife tinaphunzitsidwa kusukulu kuti Chingerezi chabwino ndi chamawu ataliatali, ndiye munthu amalemba masamba 80 okongola amene developer sawerenga. Chofunika ndi chiganizo choti anthu awiri akachiwerenga amve chinthu chimodzi, ndiponso choti chingayesedwe. Ukalemba kuti sisitimu izithamanga sunanene kanthu, kuthamanga kwa abwana ndi kwa developer n'kosiyana, lemba kuti lisiti lizituluka pasanathe masekondi atatu. M'matimu ambiri masiku ano amalemba ma user story, tiziganizo tatifupi tonena kuti ndani akufuna chiyani ndipo kuti apindule chiyani, pansi pake n'kuika acceptance criteria, ndiye kuti mfundo zimene tidzaonere kuti chinthucho chathekadi. Mfundo zimenezo ndi zomwe mudzagwiritse ntchito pa UAT, nthawi imene eni ntchito amayesa okha sisitimu isanatsegulidwe, ndipo BA ndi amene amakhala pambali pawo kulemba chilichonse chimene chakanika.

Za manambala ndisakunamizeni, Excel muidziwe mpaka mkati, pivot table, ma lookup, kutsuka data yauve imene dzina la kasitomala m'modzi lalembedwa mitundu inayi. Kenako SQL, chinenero chofunsira database chimene chinayambira ku IBM m'zaka za m'ma 1970 ndipo mpaka lero sichinakalambe. Simukufunika kukhala developer, koma tsiku limene mudzathe kudzitengera nokha yankho la funso loti ndi makasitomala angati analipira mu ZiG mwezi watha osadikira wa IT masiku atatu, mudzaona mmene anthu akusinthira pokuyankhulani mu mitingi. Power BI kapena Tableau n'zabwino powonetsa manambala m'zithunzi, zimaphunzirika msanga ngati SQL ilipo kale. Jira ndi Confluence, zolondolera ntchito ndi kusungira madokyumenti a timu, musadandaule nazo, sabata imodzi pa ntchito mwazidziwa.

Luso lina limene silikhala pa CV ndi kukana. Dipatimenti iliyonse imati zake ndi zofulumira, ndalama ndi nthawi n'zochepa. Pali njira yotchedwa MoSCoW, imene Dai Clegg anaiyambitsa mu 1994, yogawa zofuna kuti izi n'zosalephereka, izi n'zofunika koma tingapume popanda izo, izi zikatheka bola, izi pano ayi. Pa pepala n'zophweka. M'chipinda momwe muli mamanejala asanu aliyense amaika zake m'gulu loyamba, ndiye ntchito yako si kusankha wekha, ndi kuwaonetsa mtengo wa chilichonse mpaka iwo eni agwirizane, ndipo zimene agwirizanazo uzilembe tsiku lomwelo n'kutumiza imelo, chifukwa pakatha miyezi itatu aliyense amakumbukira mitingi ija mosiyana.

Mumvanso mkangano wa waterfall ndi agile. Mwachidule kale ntchito inkayenda motsatana, kulemba zofunika zonse, kusainitsa, kumanga, kuyesa, kutsegula, mwina patatha chaka, imeneyo ndiye waterfall. Mu 2001 anthu 17 anakumana ku Snowbird ku Utah n'kulemba Agile Manifesto, ndipo kuchokera pamenepo njira zomanga pang'onopang'ono zinafala, makamaka Scrum ya Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland, momwe ntchito imagawidwa m'ma sprint osapitirira mwezi umodzi, ambiri amachita masabata awiri. Chodabwitsa n'chakuti mu Scrum mulibe udindo wotchedwa business analyst, muli product owner, scrum master ndi ma developer basi, ndiye ena anayamba kunena kuti ntchito yathu yatha. Sinathe, munthu wofunsa ndi kumasulira akufunikabe, kungoti amalemba pang'ono kawirikawiri m'malo molemba zambiri kamodzi. Ndipo kuno ku Harare zoona zake n'zosakaniza, m'mawa muli pa stand-up, kamitingi kachidule ka tsiku ndi tsiku, ngati a agile, masana bodi ikufuna dokyumenti yosainidwa ndi anthu asanu ndi awiri chifukwa sofutiweya ikugulidwa kwa vendor wa ku Johannesburg kapena ku India ndipo kontirakiti ili mu madola. Dziwani zonse ziwiri, musakhale wachipembedzo pa nkhaniyi.

Tsopano za masetifiketi, zomwe mwana wa achemwali uja ankafunitsitsa kumva, poti ife timakhulupirira pepala. Bungwe lalikulu pa ntchitoyi ndi IIBA, linayamba ku Toronto ku Canada mu 2003, ndipo buku lawo lotsogolera ndi BABOK Guide, mtundu wachitatu unatuluka 2015, uli ndi magawo asanu ndi limodzi a chidziwitso ndi njira zogwirira ntchito 50. Si buku lowerenga ngati nthano, ndi lotsegula ukakhala ndi vuto. Setifiketi yawo yoyambira ndi ECBA, imene sifuna kuti ukhale utagwirapo kale ntchitoyi. Yapakati ndi CCBA, imafuna maola 3,750 a ntchito ya BA m'zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Yaikulu ndi CBAP, maola 7,500 m'zaka khumi, kuphatikizapo maola 35 a maphunziro ndi anthu awiri okuchitira umboni, mayeso ake mafunso 120 m'maola atatu ndi theka, ndipo ukakhoza sikuti watha, zaka zitatu zilizonse uyenera kusonyeza kuti ukuphunzirabe. Mukawerengera maola 7,500 amenewo ndi zaka zinayi kapena zisanu za ntchito yeniyeni, ndiye langizo langa limene palibe anandiuza ine n'lakuti yambani lero kulemba pulojekiti iliyonse, munachita chiyani, maola angati, bwana wake anali ndani, chifukwa kudzakumbukira za zaka zisanu zapitazo anthu ake ena ali ku UK ena ku Cape Town ndi chintchito. Palinso PMI-PBA ya bungwe la PMI, yoyenera amene ali kale mbali ya ma pulojekiti, komanso dipuloma ya BCS ya ku Britain imene imathera pa mayeso apakamwa, ndipo imadziwika bwino ngati maso anu ali ku UK.

Maganizo anga? ECBA njabwino kwa amene akufuna kulowa, imakupatsa mawu oyenera pa intavyu ndipo imaonetsa kuti suli pamasewera. Koma zonsezi zimalipidwa mu madola a America, ndiye musakatenge ngongole ya chimbadzo, katapila uja, kapena kugulitsa mbuzi za kumudzi poganiza kuti pepala lokha likupatsani ntchito. Ndaonapo munthu wa masetifiketi atatu akulephera kufunsa wa pa till funso limodzi lanzeru, ndaonanso mayi amene anayamba ngati teller alibe pepala lililonse la BA akugwira pulojekiti yonse ya banki m'manja chifukwa amadziwa pamene ndalama imadutsa kuchoka pa kauntala kukafika ku Zimswitch, netiweki yolumikiza mabanki, ndi kubwerera. Makampani ena amalipirira antchito awo mayeso, funsani ku HR musanatulutse zanu. Ndipo ngati mukulembera mayeso kunyumba pa intaneti, kamera ikukuyang'anani, konzekeranitu za magetsi ndi data, pitani kwa wachibale amene ali ndi sola, mayesowo sadziwa za load shedding.

Khomo lolowera nthawi zambiri si lakutsogolo. Ma BA ambiri amene ndikuwadziwa sanayambe ndi dzinalo, anali ku call centre, ku akaunti, ku testing, ku IT support, ena anali pa attachment kuchokera ku mayunivesite a UZ ndi HIT kapena ku koleji ya Harare Poly n'kupezeka kuti ndi iwo amene amalemba maminitsi a pulojekiti. Ngati muli kale pa ntchito ndipo kwabwera sisitimu yatsopano, dziperekeni kukhala woyesa, khalani amene akuphunzitsa anzanu, lembani mavuto mwadongosolo, pakutha pa pulojekitiyo muli ndi nkhani yeniyeni yokanena pa intavyu. Chidziwitso cha bizinesi imene mulimo ndi chuma, amene amadziwa mmene claim ya inshuwalansi imayendera, kapena zimene bungwe la misonkho la ZIMRA limafuna pa invoisi ya fiscal, kapena mmene fodya amagulidwira pa floor ya okushoni, ali patsogolo pa amene amangodziwa zida. Dziwaninso kuti kunja ntchitozi n'zogawikana, data analyst amafufuza manambala, systems analyst amalowa mkati mwa sisitimu, project manager amasunga nthawi ndi bajeti, koma kuno kampani imalemba munthu m'modzi n'kumupatsa zipewa zonse zinayi pa malipiro a chimodzi. Zimatopetsa, sindikana, koma pakatha zaka zitatu umakhala utadziwa mbali imene mtima wako uli, ena amapita ku product owner, ena ku data, ena ku ma pulojekiti, ena amakhala ma consultant, ndipo ena akugwirira makampani akunja ali ku Kuwadzana konkuno.

Anandifunsanso za AI, kuti amalume si ChatGPT izilemba zonsezi? Kuyambira pamene inatuluka mu Novembala 2022 ndimaigwiritsa ntchito, imandikonzera ziganizo, imandikumbutsa mafunso amene ndikanaiwala, imandithandiza SQL ikavuta. Koma sikanadziwa za Excel ya mayi wa ku akaunti uja, chifukwa sinalembedwe paliponse, inali pa kompyuta yake ndi m'mutu mwake. Chenjezo limodzi lokha, musamatenge maina, manambala a ID ndi ma balansi a makasitomala n'kumaponya m'menemo, tili ndi Cyber and Data Protection Act ya 2021 ndipo bungwe la zamtokoma ndi mafoni la POTRAZ ndi limene limayang'anira, BA amaona data yambiri ya anthu kuposa mmene anthuwo akudziwira ndipo pakamwa pake payenera kukhala ngati pa nesi.

Magetsi atabwera tsiku lija ndinamupatsa ntchito. Ndinati usayambe ndi kulipira kosi, pita kwa asungichuma a burial society ya kutchalitchi kwathu, uwapemphe mwaulemu akuonetse mmene zopereka zimayendera kuyambira pamene membala wapereka mpaka pamene bokosi lagulidwa, ujambule, ulembe zimene zikuvuta, koma usawauze za app. Anapita Lachitatu. Anabwera ndi masamba anayi ndi nkhope yodabwa, akuti amalume, kabuku kawo kali ndi mizere itatu, ya madola, ya ZiG ndi ya EcoCash, koma pali anthu ena amene mwana wawo amatumiza randi kuchokera ku Joni kudzera kwa dalaivala wa basi ndipo zimenezo zimalembedwa kuchikuto chakumbuyo ndi pensulo, ndiye pali agogo awiri amene sapereka ndalama konse koma amawerengedwa kuti alipira chifukwa ndi amene amaphika pamaliro aliwonse, ndipo lamulo limenelo silinalembedwe m'malamulo a sosaite, aliyense amangolidziwa. Ndinamufunsa kuti nanga agogo awiriwo uwaika bokosi liti pa dayagiramu yako. Anati sanadziwebe, abwereranso Lachitatu likubwerali akafunse amayi a chigwirizano.